Kulira kwa mfuti ya Che Saidi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene mvuu zinatilowerera. Mpunga wathu unali m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa Mangochi boma, ndipo bambo anga ankagona kudimba komweko, kumenya zitini zoopsezera mvuuzo, udzudzu ukuwadya. Anaonda mpaka ndinkawamvera chisoni.

Tsiku lina kunabwera Che Saidi, wamalonda wa ku Chiponde, atakulunga m'chitenje mfuti ya mipope iwiri. Inali yokongola, thabwa lake lili waliwali, ikununkhira mafuta a makina osokera. Mumtima ndinati basi, mvuu ziona polekera, bambo azigona kunyumba.

Bambo sanapupulume. Anaitsegula, n'kusuzumira m'mipope ataloza kudzuwa, kusaka dzimbiri. Anaitseka n'kuigwedeza kuti aone ngati ikugwedera polumikizira. Kenako anagulula mipopeyo, n'kuipachika ndi chingwe mumtengo wa mango. Anati mipope yogwirana bwino imalira ngati belu la kutchalitchi, koma yolekana mkati imalira ngati mphika wong'aluka, ndipo yotereyo imaphulikira mwini wake kumaso.

Vuto linali loti makutu awo anagontha kalekale ndi injini za maboti. Choncho anaitana ine, woimba kwaya ya ana.

"Esinati, tchera khutu. Undiuze zimene wamva, osati zimene ukufuna."

Anagogoda ndi kamtengo. Ndinangomva kuti phwa. Anagogodanso, chimodzimodzi. Che Saidi ankandimwetulira, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndikangoti belu, bambo agona pamphasa yawo. Komanso kwathu mwana sankanyoza katundu wa munthu wamkulu mwini wake ali pomwepo.

"Mphika, ababa," ndinanong'ona.

Koma wogontha samunong'oneza. Ndinachita kubwereza mokuwa, mpaka oyandikana nawo nyumba anamva. Che Saidi anangoseka, n'kunena kuti nawonso anaigula osaigogoda. Bambo anawathokoza, anawaperekeza kumsewu, n'kubwerera kudzatenga zitini zawo. Ine ndinakalira kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chimenecho mvuu zinadya mpunga wambiri ndithu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinawalakwira. Lero ndi pamene ndimamvetsa kuti tsiku lija bambo anapereka nkhope yawo m'manja mwa kamwana, ali ndi chikhulupiriro kuti sikanama ngakhale chifukwa chowakonda. Anamwalira atakalamba, zidzukulu zawo akuziona ndi maso onse awiri.