Mkazi Amene Anatsikira Maliro a Lole

Inu amene mwabwera kudzafuna mawu olimbikitsa, musayembekezere kuti ndikusisitani pamsana. Nkhani ya Tisiyenji imandipsetsa mtima, ndipo ndiinena mopsa mtima momwemo.

Tsiku limene ndikuyambira, Tisiyenji anali atakhala m'ngalande ya msewu wa Matumbo, pamene chigwa cha Luangwa chimathera n'kuyamba mapiri a Muchinga. Njinga yake inali gone pambali. Iye ankalira, anthu ankaseka. Akuluakulu ndithu, ena a imvi, kuseka mpaka kugwira nthiti.

Anali mayi wa zaka makumi awiri ndi zinayi wa ku Tembwe. Mayeso a giredi 9 anamukana kawiri, basi anayamba kunyamula matumba a mpunga panjinga kupita nawo pa Chama boma. Anthu ankati mutu alibe, chimene Mulungu anamupatsa ndi miyendo. Iye anati chabwino, miyendo yomweyo indionetse dziko.

Pa boma panali kalabu ya njinga. Woyang'anira anali Cyprian, mphunzitsi wa masewera wochokera ku Kabwe. Kalabuyo inali ndi njinga ya mpikisano imodzi yokha, yopepuka, ya magiya, yoti mungainyamule ndi zala ziwiri. Cyprian analengeza kuti amayi apikisane pa njinga zawozawo, ndipo wopambana adzatenga njinga yopepukayo kupita nayo ku mpikisano wa ku Tanzania, m'mapiri a Rungwe amene kalekale ankalavula moto. Malo anali amodzi. Tisiyenji ankawafuna malowo kuposa china chilichonse.

Ndipo ankatsogola! Pa chinjinga chake cha mpunga, chachitsulo chokhachokha, anawasiya anzake onse kutali. Atafika pakona ina anaona masamba aawisi atayalidwa chopingasa msewu.

Aliyense wobadwira m'chigwa muno amadziwa tanthauzo lake. Masamba opingasa msewu ndiye kuti pamudzi pagwa maliro. Wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kukankha mpaka atadutsa. Tisiyenji sanaganize kawiri. Anatsika, anamasula chitenje chimene anamanga pahandulo, anadzikulunga m'chiuno, n'kuyamba kukankha njinga atazyolika.

Amayi asanu ndi mmodzi anamudutsa fyuu! Iye mumtima ankati, anthu awa analeredwa kuti?

Atakhota pakonapo anapeza maliro ake. Lole ya thonje itathyoka ekiselo, dalaivala atakhala pamthunzi akutafuna nzimbe. Masamba aja anali ochenjeza magalimoto, kungoti wothandiza dalaivala anawaponya mwaulesi chopingasa m'malo mowandanda m'mbali.

Anapambana Monalisa, mlamu wake wa Cyprian. Apa m'pamene Tisiyenji anakhala m'ngalande muja n'kuyamba kulira.

"Iwe Tisiyenji," anatero Cyprian pamaso pa gulu lonse, "manje chipepeso tipereke kwa ndani? Kwa dalaivala?" Anthu anaseka. Iye anaonjezera: "Chimidzimidzi sichikwera phiri. Bwerera ku mpunga."

Kuyambira tsikulo dzina lake linasanduka Namfedwa wa Lole. Akamadutsa pamsika, amuna a pabawo ankavula zipewa mwachipongwe. Ena ankathyola katsamba n'kumuponyera kutsogolo kwa tayala.

Apa ndiye pamandiwawa ine. Mtsikanayu analakwa chiyani? Akanakhala maliro enieni iye n'kudutsa chokwera, anthu omwewa akanamugwetsa panjinga n'kumutukwanira makolo ake. Munamuphunzitsa nokha ulemu, lero mukumuseka chifukwa anamvera. Manyazi mulibe!

Tisiyenji anakhala masabata awiri osakhudza njinga. Sabata yachitatu misozi inauma, kunatsala ukali. Anamanga thumba la mpunga pakeliyala n'kuyamba chinthu chimene onyamula katundu a kuno sachita: kukwera chitunda osatsika. Amuna amphamvu zawo amatsika n'kukankha, ndi momwe ntchitoyi imagwiridwira. Iye ankaimirira pamapedulo, mano atalumana, tcheni chikulira, mpaka pamwamba. Tsiku loyamba anagwa ndi thumba lomwe, mpunga mbwee mumsewu. Anatola, anamanganso, anabwerera pansi pa chitundacho kukayambiranso.

Patatha mwezi anapita kunyumba kwa Cyprian, nagwada pakhomo monga mwa mwambo.

"Aphunzitsi, ndinali patsogolo, inunso mukudziwa. Ndipatseni mwayi wina."

Cyprian ankafuna kungomuchotsa pakhomo. "Ukakwera kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka pamwamba pa Muchinga, phazi osagunda pansi, pa chigayo chakocho, njinga ya kalabu ndi yako."

Ankadziwa kuti n'zosatheka. Msewu umenewo umadutsa m'thengo lopanda mudzi, muli ndowe za njovu zofuka nthunzi, anyani okhala pakati pa msewu ngati analipira msonkho, ndi akashembe oluma kuboola malaya. Kenako chitunda chimayamba, ndipo sichitha.

Miyezi itatu Tisiyenji ankapita kumeneko Loweruka lililonse. Ulendo woyamba phazi linagunda pansi kasanu ndi kawiri. Kenako kanayi. Kenako kamodzi, pafupi ndi pamwamba penipeni, ndipo anakuwa yekhayekha m'thengomo mpaka anyani anathawa. M'manja munatuluka matuza, matuza anasanduka zikang'a. Amayi ake ankati, "Mwana wanga, ufera njinga?" Iye ankangopopa matayala.

Tsiku la mayeso Cyprian anamutsatira pa njinga yamoto, maso ali pa mapazi ake. Dzuwa la Okutobala la m'chigwa mukulidziwa, limawotcha ngati lili ndi mlandu nanu. Tisiyenji anakwera. Miyendo inanjenjemera, thukuta linalowa m'maso, kashembe anamuluma pakhosi iye osachotsa dzanja pahandulo. Anafika pamwamba phazi lisanagunde dothi.

Anatsika, akupuma movutikira, n'kuyang'ana mphunzitsi uja.

Cyprian anazimitsa njinga yamoto, nakanda kumutu. "Wayesa. Koma dzina la Monalisa tinatumiza kale mwezi watha. Manje ufuna nichite bwanji?"

Mwezi watha! Munthu wamkulu, wophunzitsa ana a anthu, anamusiya mtsikana akuzunzika m'thengo la njovu akudziwa kuti nkhani inatha kalekale. Anathira mafuta m'njinga yamoto kudzaonerera bodza lake lomwe. Ine anthu otere ndimasowa nawo mawu.

Tisiyenji sanalire ulendo uno. Anatsetsereka phiri lonse n'kukafikira kwa asibweni ake a Hosea, mlongo wa amayi ake, amene amakonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba ku Tembwe. Anawafotokozera zonse. A Hosea anamvetsera akupukuta sipanala.

"Nsalu yobwereka sithetsa usiwa," anatero. "Mpikisanowo anati ndi wa njinga ya Cyprian, kapena wa njinga?"

"Wa njinga, asibweni."

"Nanga iyi ndi mbuzi? Bwera nayo kuno."

Anachotsa keliyala, anachotsa zotchinga matope, anachotsa sitandi ndi belu lomwe. Pamulu wa zitsulo zakale anafukula magiya a njinga ina yakufa n'kuwalumikiza mwa nzeru zawo. Njinga ya Tisiyenji inali yolemerabe, yonyansa, penti itasupuka, koma inkasintha magiya ikapemphedwa mwaulemu.

Cyprian ndi Monalisa anapita pa basi. Tisiyenji anapita pa njinga. Matumbo, Isoka, Nakonde, masiku asanu ndi limodzi, kachikwama kumsana muli mbatata zophika, chubu chapadera ndi chiphaso cha pamalire. Ankagona m'matchalitchi. Malole akuluakulu a pamsewu wa Nakonde anamukankhira kutchire kangapo. Chubu chinaphulika kanayi, kanayi konse anamata.

Kudutsa Mbeya dziko linasintha. Mwana wa m'chigwa chotentha anakumana ndi chisanu cholowa m'mafupa. Dothi lakuda ngati phulusa, miyala yopepuka yabowokabowoka imene moto wa phiri unasiya, nkhungu yoti suona munthu ali pataliko pang'ono, nkhalango yothithikana pamwamba ndi minda ya tiyi ndi nthochi m'munsi. Anaima n'kuliyang'ana phiri la Rungwe nthawi yaitali. Anali atafika ndi miyendo yake.

Pa tebulo lolembetsa Chiswahili chinamusowa, anagwiritsa manja ndi Chingerezi cha giredi 9 chija. Mayi wolemba mayina anafunsa dzina la kalabu. Tisiyenji anapukusa mutu. Mayiyo anayang'ana njinga, anayang'ana fumbi la m'miyendo, anafunsa kumene wachokera. Atamva, anaika cholembera pansi n'kuitana anzake kuti adzaone. Anamulemba yekha, mpata wa kalabu unatsala wopanda kanthu.

Amayi makumi anayi ndi asanu ndi atatu ananyamuka m'mawa wa tsiku la mpikisano, onse pa njinga zonyezimira kupatula mmodzi. Pamalo athyathyathya anamusiya, anali womaliza, ndipo oonerera ena anaseka. Kenako phiri linayamba.

Phiri silifunsa mtengo wa njinga. Msewu unkakhota n'kukwera, kukhotanso n'kukweranso, kulowa m'nkhungu. Mvula yozizira inayamba kuwaza. Amayi a njinga zodula anayamba kuyenda mokhotakhota, pakamwa yasa. Tisiyenji, amene anazolowera kukwera ndi thumba la mpunga kumbuyo, ankamva ngati wina wamutula katundu. Anadutsa mmodzi, anadutsa asanu, anasiya kuwerenga. Zala zinauma ndi chisanu mpaka giya ankasintha ndi chikhatho. Tisiyenji anaona Monalisa atakhala m'galimoto yotola otopa, atafunda bulangete. Mwana wa eni ake anali atayesetsa, koma palibe anamukonzekeretsa za phiri lotere.

Tisiyenji anafika wachisanu ndi chiwiri. Sanapambane, sindikunamizani. Koma mbiri ya mayi wochokera ku Zambia pa njinga inali itafika kale pamwamba, ndipo khamu linamuzungulira iyeyo, mafoni m'mwamba.

Ndiye taonani za munthu wopanda manyazi. Cyprian anapanikiza m'khamumo atanyamula malaya a kalabu, kumwetulira mpaka m'makutu, n'kuika dzanja paphewa la Tisiyenji.

"Uyu ni wathu uyu!" anauza ojambula. "Mwana wa kalabu yathu, ninamuphunzitsa ine. Vala iyi, Tisiyenji, tijambulitse."

Tisiyenji anali akunjenjemera ndi chisanu, ndipo malayawo anali ouma, ofunda. Anawayang'ana. Kenako analigwira dzanja lija n'kulichotsa paphewa pake pang'onopang'ono, aliyense akuona.

"Aphunzitsi, pitani mukaone papepala," anatero. "Pali dzina langa lokha."

Cyprian anatsala chiimire ndi malaya ake m'manja. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

Manje ndikutembenukira kwa iwe amene ukuwerenga. Mwina nawenso anakuseka pagulu. Mwina anakulonjeza malo akudziwa kuti anapatsa kale m'bale wawo. Anthu adzakuuza kuti iwala, khululuka, ndi mmene dziko lilili. Kukhululuka udzakhululuka nthawi yake ikakwana, koma lero kwiya ndithu, uli ndi chifukwa. Kungoti ukali wakowo usauthere pakhomo pa munthu amene anakutsekera chitseko. Uike m'miyendo. Tenga chimene uli nacho, chakale, cholemera, chosekedwa, uyambe nacho ulendo mawa m'mawa.

Mtima wako usaupereke kwa anthu oseka kuti akutayire. Ugwire zolimba, utchove.