Pamtengo wa Pageti

Ndikamva nyundo ikugunda lata, ndimaona agogo anga aamuna, a Tembo, atakhala pachidebe kuseri kwa nyumba yathu ku komboni ya George, akukhoma mbaula, utsi wa makala ukuwalowa m'maso, pamsewu ma minibasi akukuwa. Anali ouma mutu, ndipo ndinkawakonda ndi kuuma kwawoko.

Agogo aakazi atayamba kutaya magazi, mkuluyu ankawaperekeza kuchipatala osaphonya, koma ankathera pansi pa mtengo wa pageti, pomwe amuna onse ankathera. Namwino akawaitana kuti adzamve nawo, ankangokweza chipewa.

"Ivo ni va azimai, ba sisita. Ine nizayembekeza kuno."

Inali khansa ya khomo la chiberekero. Tinawaika m'manda mvula isanagwe.

Patapita zaka zingapo, mawu a agogo anasasa. Ankati ndi utsi wa mbaula, mpaka amayi anga, mwana wawo woyamba, anachita kuwakokera kuchipatala komwe kuja. Ulendo uno analowa. Dokotala anati ndi khansa ya pakhosi, yochokera ku kachilombo ka mtundu womwe unatenga akazi awo. Anafotokoza kuti kamayenda pakati pa mwamuna ndi mkazi, kamapha akazi ambiri kuposa amuna, koma khansa yake ya pakhosi imagwira kwambiri amuna. Kuyambira tsikulo nyundo sinalirenso.

Chaka chomwecho ndinabwera kunyumba ndi pepala la kusukulu lopempha chilolezo cha katemera wa atsikana woteteza ku kachilomboko. Amayi analibisa m'Baibulo, poti kotunga madzi kunkamveka kuti katemerayo amatseketsa mimba. Masiku anatha, tsiku lobaya linali mawa lake. Agogo, amene ngakhale madzi ankawavuta kumeza, anakodola amayi ndi dzanja.

"Leta pepala," ananong'ona. "Nenze kukamba ati ni va azimai. Manje ona pamukosi panga. Saina. Mwana uyu asayende njira ya ambuye bake bakazi."

Amayi anasaina misozi ikudonthera papepalapo. Jekeseni woyamba agogo anauona, anandisisita paphewa potupapo. Wachiwiri ndinabayidwa iwo atatisiya kale, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Pano ndine mayi wa ana awiri. Mwezi watha, popita kukayezetsa khomo la chiberekero kuchipatala chija, bambo akunyumba anaima pageti nayang'ana mthunzi wa mtengo uja.

"Nizakuyembekeza apa," anatero.

Ndinawagwira dzanja osalisiya.

"Tiyeni mukati. Pamtengo apo banankalapo kudala agogo."