Odi wa Anaphiri

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anakwezedwa pantchito ku Capital Hill, ife n'kusamuka ku Mchesi kupita ku Area 47. Nyumba yake inali ya mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, ndi kabatani ka belu koti alendo azidina. Mwezi uliwonse bambo ankabwera ndi katoni: firiji, makina ochapira, kenako TV yaikulu ya dishi. Ine ndinkangoona ngati talowa kumwamba tili moyo.

Amayi okha ndi amene anayamba kufota. Ku Mchesi ankachapa pampopi ndi anzawo, nkhani zili pakamwa mpaka sopo kutha. Kuno makina ankachapa okha, iwo ali pampando, manja pamiyendo. Aneba sitinkawadziwa nkhope, tinkangodziwa magalimoto awo.

Mnzawo wapamtima anali Anaphiri, mayi wogulitsa tomato mumsika wa ku Old Town. Anaphiri analibe foni, choncho anapangana pakamwa kuti adzabwera Loweruka lina kudzaona nyumba. Sabata yonseyo amayi ankakolopa akuimba nyimbo. Tsikulo litafika anapeza kuti majarini atha.

"Ndikupita pagolosale, sindichedwa," anandiuza. "Ukamva odi utsegule. Anaphiri za belu sazidziwa."

Odiyo ndinamumva. Sindinganame lero kuti TV inandisokosera. Ndinamva katatu konse mawu a Anaphiri akudutsa pamwamba pa mpanda, koma katuni inali itafika pokoma. Ndinkati ithe kaye, munthu wamkulu sangathawe. Itatha ndinathamangira kugeti, koma mumsewu munali zii.

Posakhalitsa amayi anatulukira ndi jumbo m'manja, akupuma mwawefuwefu.

"Sanafike?"

"Ayi," ndinatero, maso ali pa TV.

Anayala nsalu patebulo n'kutulutsa makapu a alendo. Tiyi anamutenthetsa kawiri. Dzuwa litapendeka anabweza makapu aja m'kabati. Bambo ataona nkhope yakugwayo anafunsa kuti, "Kodi m'nyumba muno chikusowa n'chiyani?" Sabata yotsatira anawagulira foni yatsopano, ya kamera. Woti amuimbire ndiye analibe.

Kwa miyezi itatu amayi ankazemba mabenchi a tomato, poganiza kuti mnzawo anawagwiritsa fuwa la moto dala. Ine ndinali phee ndi bodza langa. Kenako tsiku lina, tikutuluka m'sitolo ya amwenye kumene tinakagula yunifomu, tinakumana nawo maso ndi maso pakhonde.

"Munandidikiritsatu, anzanga," amayi anatero.

"Ine ndinabwera," Anaphiri anayankha mosakweza mawu. "Ndinaodira katatu. TV inkalankhula m'nyumba, ndinadziwa kuti anthu alimo. Ndinati kaya poti ndine wa tomato. Zomenya geti ndi mwala ngati wogula mabotolo, ayi, ndinachita manyazi."

Amayi ananditembenukira. Sanandimenye, ngakhale kuti mumtima ndinkalakalaka atandimenya kuti zithe. Tili mu minibasi anangoti, "Ukanandiuza nthawi yomweyo, ndikanawapeza asanakwere."

Amayi anapepesa, Anaphiri n'kuvomera, koma kwathu sanapondeko phazi. Ankalonjerana mwaulemu ngati anthu ongodziwana kutchalitchi. Patatha zaka ziwiri Anaphiri anabwerera kwawo ku Dedza, ndipo uthenga wa maliro awo unatipeza mwambo utatha kale. Amayi analira okha kuchipinda, popanda mnzawo wowagwira paphewa.

Zimandiwawa mpaka lero. Mlanduwo ndi wangadi, sindiukana. Koma nditakula ndinazindikira kuti sindinali ndekha m'nyumba muja amene ankamva munthu akuitana n'kumati adikire kaye. Bambo ankawakonda amayi, koma chikondicho chinkabwera m'makatoni, ndipo anamwalira asanamvetse chimene chinkasowa. Inenso ndakula ndi matenda omwewo. Ndimakhala mumzinda womwewu, komabe mwezi umatha ndikungowatumizira mayunitsi ndi zithunzi za adzukulu pafoni, n'kumadzitcha mwana wosamala kholo.

Amayi akalamba m'nyumba yomwe ija, ndipo zonse zilimo. TV amaisiya yoyatsa tsiku lonse kuti m'nyumba muzimveka mawu a anthu. Koma amaitsitsa kwambiri, kuopa kuti wina angaodire pageti iwo osamva.