Kukafuna Nkhope ya Bambo ku Al Jadeeda

Lachisanu masana, Madamu atandipatsa ofu yoyamba chiyambire korona, ndinanyamuka ku Al Messila, kuno ku Doha kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba, nditakulunga chithunzi cha bambo anga m'kansalu. Pageti ndinapemphera: Ambuye, mundibwezere nkhopeyi.

Bambo anapita kumigodi ya golide ku Joni ine ndili kumsana, osabweranso. Anangotumiza chithunzichi: ataima pakhomo pa mgodi, chisoti cha nyali kumutu, majombo akuluakulu. Matenda atavuta, Madamu analamula kuti chilichonse m'nyumba chipoperedwe mankhwala. Ndinapopera ndekha, ndi mtima wonse, mpaka pachithunzi pomwe. Kutacha, majombo analipo, nkhope palibe.

Pasiteshoni ya metro ndinapeza mlonda wakwathu, a Phiri.

"Mayi, foni ionetse kaye kuti mulibe matenda. Lero mwathawa?"

"Ndithawirenji, achimwene? Malamulo asintha, ofu ndi yanga."

"Yalla, pitani. Musakakwatiwe komweko!"

Ndinalipira mariyali awiri. Sitima yake ilibe dalaivala, ndiye ndinangoti Yehova ndiye ayendetse. Ku Msheireb ndinasintha sitima, cha m'ma 3 koloko n'kutsika ku Al Doha Al Jadeeda. Kunja kumatentha ngati pansi pa ayironi. Mashopu awiri ojambula anandibweza, akuti amadziwa za mapasipoti basi. Ndinamwa karak, tiyi wawo wamkaka uja, wa riyali imodzi.

M'shopu yachitatu munali bambo wachikulire wa ku India. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali pagalasi lokuza zinthu.

"Mama, zithunzi zakale sizinali za inki. Ankazitsuka m'chipinda chamdima, munthu n'kuonekera ndi siliva wa papepalapo. Mankhwala anu adya silivayo. Filimu yake ya m'kamera muli nayo?"

Filimu? Ya munthu amene ngakhale manda ake sitiwadziwa?

"Kompyuta itha kuikapo nkhope," anatero, "koma ikhala ya munthu wina."

Ndinakana. Ndinawathokoza chifukwa sanandinamize, Mulungu awadalitse. Nditafika pakhomo pa shopuyo ndinakumbukira mwana wanga womaliza ku Kasungu, amene ndinamusiya akuyamwa. Pafoni amanditcha anti. Ndinabwerera.

"Ndijambuleni ineyo, papepala lenileni."

"Vulani masiki, mama. Mwetulirani."

Kumwetulirako kunakanika.

Dzuwa likulowa ndinali m'sitima, zithunzi ziwiri pamiyendo. Bambo anapita kukakumba golide wa eni, ine ndikukolopa nyumba za eni. Ndinkawaimba mlandu wotiiwala, koma mwina nawonso ankati chaka chamawa, chaka chamawa, ngati ine. Ndinatsika ku Al Messila pemphero litasintha: Ambuye, nkhope ya bambo yapita. Yangayi isafufutike ndisanafike kwathu.