Misuku ya Amayi Sinkawerengedwa

Mpaka lero ndikamva mawu oti karibono ndimapsa mtima.

Kumtunda kwa munda wathu wa kachewere, kufupi ndi Domwe, kunali chitunda chodzaza ndi misuku. Inali ya amayi. Sanaibzale ayi, koma chibwerereni kothawa nkhondo ku Dedza, kutsidya kwa malire, ndi iwo ankaitchinjiriza ku moto wolusa ndi kwa anthu owotcha makala. Mvula ikagwa, nkhokwe itayamba kupepuka, banja lonse tinkadalira masuku amenewo.

Chaka china kunabwera bungwe lobzala mitengo. Mlangizi wawo, yemwe tinkangomutcha tekiniko, anali munthu waulemu ndithu. Anatisonkhanitsa kusukulu n'kutionetsa chithunzi cha mmene zitunda zathu zidzaonekere: mizere ya paini yowongoka ngati ya fodya. Anati mitengo ikamakula imameza utsi wa mafakitale akutali, ndipo bungwe lake limawerenga utsi womezedwawo, umene ankautcha karibono. Ine ndinafunsa za misuku yathu.

"Imeneyo ayi, titiya," anayankha, kundiitana mwaulemu ngati azakhali ake. "Inalipo kale. Purojetu imawerenga yatsopano yokha."

Sananene kuti tidule, pamenepo ndisamunamizire. Koma analankhula amalume ali pomwepo. Amalumewa ndi mchimwene wa amayi, ndiwonso mwini mbumba, ndipo akamva kuti mudzi wina watsogola pa chinthu, tulo sawona. Pobwerera kunyumba anali atayamba kale kuyeza chitunda chija ndi maso.

"Mtengo wosawerengedwa ukutsekeranji malo?" anatero.

"Amalume, nanga mukaitentha misukuyo, utsi umene inameza upita kuti?"

"Za utsi kafunse a tekiniko, mwanawe. Ine ndikufuna malo."

Ndinapitadi kukafunsa. Ndinapalasa njinga mpaka ku Ulongwe, n'kudikira pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tekiniko anandimvetsera bwinobwino, anagwedeza mutu, anati ndi zomvetsa chisoni. Kenako anandiuza kuti iwo amayamba kuwerenga tsiku lobzala, za dzulo lake sizili m'ntchito yawo. Ndinamupempha kuti angobwera adzauze amalume kuti asadule. Anati nkhani za m'banja salowerera. Koma ndiye! Kujambula chitunda cha eni analowerera, kunena mawu awiri okha ndiye zam'banja.

Amayi ndiwo anandikwiyitsa kuposa onse. Ndinkati alankhule, misuku ndi yawo, aliyense akudziwa. Iwo ankangoti, "Ndi achimwene, ndinganene chiyani?" Ndinalongolola mpaka mawu kusasa, abale n'kuyamba kunena kuti sukulu inandiwononga.

Nkhwangwa zinalira nthawi ya dzuwa, masuku ali ang'onoang'ono m'nthambi. Mitengoyo itauma anaiwotcha. Utsi unakuta mudzi wonse, zovala pachingwe kununkha, ana kutsokomola, ndipo palibe anabwera kudzauwerenga. Mvula itayamba anabzala paini. Tekiniko anafika ndi njinga yake yamoto kudzajambula, ndipo ndinamuona akusuntha uku ndi uku kuti zitsa zakuda zisalowe m'chithunzi. Pochoka anayamikira amalume kuti mudzi wathu ndi wachitsanzo.

Mwezi wa masuku utakwana, m'mawa wina ndinadzuka n'kupeza amayi kulibe, beseni lawonso kulibe. Mwendo unangowatenga monga mwa chizolowezi. Ndinawatsatira.

Ndinawapeza pachitunda, beseni lili poteropo lopanda kanthu, iwo atagwada pakati pa zitsa. Ankazula udzu ndi manja mozungulira kambande ka paini.

"Amayi! Mukupaliranji zinthu zimenezi? Si zomwe zakudyerani misuku?"

Sanatembenuke n'komwe. Anasunthira pa kambande kotsatira.

"Nanga ndizisiye zife?" anatero. "Pano palibenso china."