Helemeti yanga inateteza mazira

Inu owerenga, ndimati ndikakumbukira uchitsiru umene ndinachita ndimafuna kudzimenya mbama ndekha. Ndinataya ntchito imene ndinkaikonda chifukwa choopa thukuta. Palibe anandilodza kapena kundichitira kaduka. Ndi thukuta basi.

Ndinkagwira ntchito yolawa tiyi pa fakitale ya esiteti ina kuno ku Thyolo. M'mawa uliwonse ankatindandalikira makapu patebulo, ife n'kumanunkhiza, kulawa ndi kulavula, kenaka n'kunena kuti uyu ndi wabwino, uyu wapserera, uyu sanaume bwino. Khasu langa linali mphuno ndi lilime. Ndipo ndisakubisireni, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Nditagula njinga yamoto, mkazi wanga anaumirira kuti ndigulenso helemeti, jekete yochindikala ndi magolovesi. M'miyezi yozizira ndinkavala bwinobwino. Koma Okutobala akafika, dzuwa lija loti ngakhale tiyi m'munda amachita kufota, m'helemeti munkakhala ngati mu uvuni wa mandasi. Ndinkafika kuntchito shati itamatirira kumsana, mutu ukununkha ngati sokosi.

Tsono pa esiteti pathu panali lamulo loti wopanda helemeti asalowe pageti. Ife a njinga tinapeza nzeru yathu. Tinkaimangirira kumbuyo ndi mphira, tikayandikira geti n'kuima pansi pa mtengo wa bulugamu, kuvala, kudutsa mwaulemu, tikangokhota pakona n'kuvulanso. Tinkachita kuitcha chipewa cha pageti, n'kumaseka poganiza kuti tapusitsa mabwana.

Mlonda wa pagetipo, a Muhiwa, ankaona zonse. Tsiku lina anandiimitsa.

"Bwana, inu mukuvalira ineyo kapena mutu wanuwo? Mutu ulibe sipeya uwu."

Ndinawayankha kuti ayambe agula kaye njinga yawo, ndiye adzandiphunzitse. Mawu amenewa amandiwawa mpaka lero.

Loweruka lina nditaweruka masana, mkazi wanga anandituma mazira ku Luchenza chifukwa tinkayembekezera alendo akuchimuna. Pobwerera ndinasowa poika. Ndiye mutu wanga wanzeruwu unaganiza kuti helemeti ili ndi siponji m'kati. Ndinaikamo mazira, n'kutsekera ndi jekete ija kuti asagundane, n'kumanga bwinobwino kumbuyo. Magolovesi anali kunyumba. Ineyo ndinakwera ndi kashati kopyapyala ndi masilipasi, kamphepo kakundipita m'khosi, ndikuimba mluzu.

Nditalowa msewu wafumbi wodutsa m'minda ya tiyi, thirakitala yokoka ngolo ya nkhuni inatulukira m'kanjira ka m'mbali. Sindinkathamanga kwambiri, ndipo apa mpamene ambiri timadzinamizira. Ndinagwira mabuleki, matayala n'kuterereka pa timiyala. Njinga inapita kwake, ine kwanga, nkhongo n'kukamenya mwala wa m'ngalande.

Ndinatsitsimukira kuchipatala, mutu uli m'mabandeji, khungu la m'manja ndi kuphazi litasendeka ngati mbatata yophika. Amayi ena othyola tiyi ndi amene ananditola. Achibale ankathokoza Mulungu kuti ndili moyo, nanenso ndinkaona ngati ndapulumuka.

Njinga anaisunga a Muhiwa. Tsiku limene ndinatuluka m'chipatala anaikankha okha mpaka kunyumba, helemeti ili chimangidwire. Mkazi wanga atamasula, anangokhala pansi. Mazira onse anali amphumphu, opanda ngakhale mng'alu. A Muhiwa anangotsanzika n'kumapita. Bola akanandinyoza.

Madzulo ake mkazi wanga anaika ena mwa mazirawo pamoto n'kutuluka kukaanula zovala. Ine ndinali khale pampando pafupi ndi khomo la khitchini. Anabwera akuthamanga.

"Bambo a Tadala, zinthu zikupserera pamphuno panu inu muli phee?"

Ndinatembenuka n'kuona utsi uli tolo. Ndinakoka mpweya. Palibe chimene ndinamva. Ndinanunkhiza sopo, parafini, mpaka anyezi wodula kumene. Maso ankatuluka misozi koma fungo ayi. Adokotala anandiuza kuti mutu ukagunda chotero, timitsempha ta fungo timatha kuduka, ndipo ena amachira, ena ayi. Fungo likapita, chakudya chimangotsala mchere ndi shuga basi.

Kuntchito ndinabisa. Ndinkaonera nkhope za anzanga n'kumavomereza zimene anena. Koma tsiku lina ndinali ndekha, ndipo ndinavomereza tiyi amene anapserera poumitsa. Mnzanga atangolowa pakhomo anakwinya mphuno asanagwire n'kapu yomwe. Bodza langa linathera pomwepo. Mabwana anandichitira chifundo, sanandichotse, koma anandisamutsira kosungira matumba, kumene mphuno ilibe ntchito.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti m'mawa uliwonse ndimapezabe anzanga ataima pansi pa bulugamu uja akumasula zipewa zawo za pageti. Amandidziwa. Ena anabwera kudzandizonda. Ndikawalankhula amati, "Achimwene, kukutentha." Kukutentha! Ngati kuti mwala wa m'ngalande umafewa kukatentha. Akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma awa akuiona nkhwangwayo ili m'mutu mwanga ndipo sakumvabe.

Inu owerenga, ngati mumayenda pa njinga yamoto, valani helemeti ndipo mumange lamba wake pachibwano. Valani jekete, magolovesi ndi nsapato zotseka. Kukatentha nyamukani m'mamawa, imani pamthunzi, imwani madzi, tengani shati ina yokasintha. Thukuta limachoka ndi ndowa imodzi ya madzi. Ndipo mazira muziwagulira jumbo.

Ine masiku ano helemeti sindiivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndimadutsa pafakitale anthu akuti tiyi walero akununkhira mpaka kumsewu, ine n'kumangogwedeza mutu uli m'helemeti, ngati ndikumva nawo.