Dzira la Msoti Wakuda

Anamwino anadina phazi la mwana wanga ndi chala, pamene anadinapo n'kutsala polowa. Anati kutupako si ufiti, ndi njala. "Mayi, muzimpatsa dzira, ngakhale limodzi patsiku." Ndinavomera ngati kuti mazira amatoledwa m'njira ya ku Nkhulambe. Munali mu 2002, chaka chija ife anthu tinkadya madeya a nkhuku.

Komabe ndinali ndi podalira. Pakhomo panali misoti itatu imene inatsala chitopa chitasesa khola lonse. Inali isanayambe kuikira, koma msinkhu unali utakwana. Ndinaika udzu wofewa m'dengu lakale kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kudikira.

Nkhuku yanjala siikira, ndipo chakudya chake tinali titailanda ndife. Ndiye ndinkatchera chiswe. Ndinkadzaza mphika wosweka ndi zitsononkho ndi udzu wouma, kuwaza timadzi, n'kuuvundikira pafupi ndi chulu. M'mawa ndinkakhuthula pabwalo, misoti n'kumajompha, ine m'mimba mukulira. Ndikatero ndinkaigwira umodziumodzi n'kupima mafupa a kumchira. Pakalowa zala ziwiri ndiye kuti dzira layandikira. Tsiku lililonse pankalowa chala chimodzi, ndipo ndinkaitukwana misotiyo ngati anthu akumva.

Woyamba unagwidwa ndi mphamba ine ndikuona, ndinathamanga mpaka chitenje kugwa. Wachiwiri bambo a mwanayo anaumangirira panjinga n'kukasinthitsa ndi makaka, chinangwa chouma chija, ku Chiringa. Sindinawalankhule mpaka makakawo atatha, chonsecho ndinkadya nawo. Unatsala wakuda, wamakani, wokonda kugona mumtengo wa mango.

Mwana anasiya kuyenda. Tsitsi linafiira, masaya anatupa, moti odutsa ankati wanenepa. Nyemba za kalongonda ankazikana, phala la madeya linkangomudutsa m'mimba. Ndinkachita mantha kuti andifera kumsana ndili paganyu, ndipo ndinkangogwedeza mbereko kuti ndimve ngati akupuma.

Kenaka msoti wakuda unafiira kumaso. Unayamba kuzungulira dengu lija, kulowa n'kutuluka, kumatetera pang'onopang'ono. Ndinapima, chala chachiwiri chinkafuna kulowa koma osakwanira bwino. Kunacha, m'dengu mulibe kanthu. Kunachanso, chimodzimodzi.

Tsiku lina mwana anakana ngakhale madzi. Bambo ake anakhala pakhonde nthawi yaitali, akumuyang'ana.

"Amake mwana, tiphe nkhukuyi amweko msuzi."

"Iyayi, yatsala pang'ono. Mwaimva ikutetera."

"Zoteterazo mwayamba kalekale inu. Mukufuna idzaikire mwanayu tili naye kumanda?"

Amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo msuzi unali pamphuno, dzira linali lakumva. Mpeni ndinakatenga ndekha, koma ndinakana kugwira miyendo. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pafupi ndi mwana.

Patapita kanthawi ndinamva bambo aja akundiitana, mawu awo otsika ngati a pamaliro. Anali ataitumbula nkhukuyo. M'kati munali dzira lathunthu, chikamba chake chikadali chofewa, ndipo kumbuyo kwake kunali timazira tachikasu tondondozana, tina ngati mtedza, tina ngati mapira. Bambo aja anapukuta mpeni paudzu, anapukutanso, mpeni uli woyera kale.

Ndinaphika dziralo, kulinyenya ndi chala, n'kumamupatsa mwana pang'onopang'ono. Anameza. Anamezanso. Anamaliza lonse, ananyambita chala changa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri anatsegula maso bwinobwino. Ndinalira, chimwemwe ndi mkwiyo zili pamodzi.

Mwanayo anayang'ana kuseri kwa chitseko, kumene ankandiona ndikusuzumira m'mawa uliwonse, n'kutambasula kadzanja kotupa kaja.

"Amayi, lina."